Mawu Amene Mng'ono Wanga Anatsala Nawo

Kope limene ndinkalembamo linali la masamu. Aphunzitsi anatipatsa makope awiriawiri chaka chimene ndinalowa Sitandade faifi, ine n'kupatula limodzi, n'kumalibisa m'denga pakati pa udzu ndi phaso. Ndinkalembamo zimene ndinkalephera kunena, chifukwa ine pa anthu mawu amandithawa. Poyamba zinali zazing'ono: mvula, nsalu yatsopano ya mnzanga, tsiku limene ndinakwapulidwa chifukwa chochedwa. Koma kuyambira mwezi wa Malichi masamba onse anakhala a mng'ono wanga.

Amoyo tinatsala awiri, ine ndi iye. Pakati pathu panapita ana atatu. Iye anali ndi zaka zinayi, ndipo anali wolongolola. Ankafunsa nkhuku kumene ikupita. Ankayankha amayi asanamalize funso. Akuluakulu a mpingo akafika pakhomo, ine ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe, iye n'kutsala akuwafotokozera kuti abambo ali ku Halale ndipo adzamubweretsera nsapato zofiira. Amayi ankandiuza kuti, "Pakamwa pako panapita kwa uyu."

Malungo anamugwira mvula ili pakati. Anakomoka kawiri panjira amayi atamubereka, ndipo anagona m'chipatala cha pa mishoni masabata awiri ndi theka. Anatuluka wowonda, khosi ngati la mwanapiye, koma wamoyo. Tinapereka Misa yothokoza. Palibe amene anaganiza kuti matenda aja anatenga kanthu n'kupita nako.

Mawu ake sanathe tsiku limodzi. Anayamba ndi kuphwanyika. Ankameza chiyambi cha liwu, kapena mapeto ake. Ankakuwa tili naye pafupi, n'kumanong'ona tili patali. Kenako mawu ena anangosiya kubwera, iye n'kumaloza ndi chala. Tsiku lina ndinazindikira kuti patha sabata asanatchule "mbuzi", pamene mbuzi zinali pakhomo tsiku lililonse ndipo kale ankazikalipira ngati ana ake. Ndinatsitsa kope lija, n'kulemba mawu onse amene ndinamumva akunena sabata imeneyo. Anadzaza tsamba limodzi ndi theka. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkalembanso. Pofika pa Pasaka sankakwana tsamba.

Kunyumba ankati ndi mwano.

"Akumva bwinobwino uyu," amayi ankatero. "Taona." Ankadikira mwanayo atakhala pansi atawafulatira, n'kugwetsa munsi mumtondo. Iye ankatembenuka nthawi yomweyo. "Waona? Mtondo akuumva. Koma ine mayi wake ndikamuitana, ayi. Kuchipatala kuja anamusasatitsa."

Panalinso china chimene chinkawapweteka kwambiri amayi. Mwanayo anayamba kuyang'ana anthu kumaso. Kwathu mwana akaitanidwa ndi wamkulu amagwada, manja pamodzi, maso pansi, ndipo iye ankadziwa zimenezi kuyambira atangoyamba kuyenda. Koma tsopano munthu akamalankhula ankasendera pafupi, n'kumuyang'anitsitsa pakamwa osaphethira.

Atsibweni, achimwene awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Abambo anali kutali, komanso ngakhale akanakhala pakhomo, za ife ankagamula ndi atsibweni. Ankakhala kutsidya la dambo, ndipo ankabwera Loweruka lililonse pa njinga, akukamba za chitaganya cha maiko atatu ndi mitengo ya fodya. Sanali munthu woipa. Bulangete limene mwanayo anafunda kuchipatala anagula ndi iwo.

Loweruka lina akulankhula ndi amayi pakhonde, mng'ono wanga anabwera n'kuima pakati pa maondo awo, maso ali pakamwa pawo.

"Kodi mwana uyu akundiyang'ana chonchi, ndamudyera chiyani?" anatero atsibweni akuseka, koma kuseka kwake sikunali kochokera mumtima. "Chemwali, mukulera mwana kapena kadzidzi?"

Amayi anachita manyazi. Anagwira mutu wa mwanayo n'kuuweramitsa. Iye anaudzutsa. Anauweramitsanso, mwamphamvu, mpaka analira. Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito ya tonse, ndi ine ndemwe. Ndiyenera kulemba zimenezi chifukwa n'zoona. Dzanja langali linaweramitsa mutu umenewo kambirimbiri, pachitsime, panjira ya kutchalitchi, pamaso pa akatekisi. Nthawi zina ndinkamumenya kambama kakang'ono kumbuyo kwa khosi. Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza kuti anthu asamunene.

M'mwezi wa Meyi ndinalimba mtima. Amayi akupeta, ndinakhala pafupi nawo n'kuwawerengera mawu a mu Malichi, kenako a sabata imeneyo. Oyamba aja ndinawerenga mpaka mpweya kundithera. Achiwiriwo anatha lichero lisanatembenuzidwe kawiri. Amayi anapitiriza kupeta. M'mawa mwake anandiuza kuti ndisapite kusukulu, ndiwaperekeze kuchipatala ndi mwanayo.

Tinawapeza asisitere omwe aja amene anamusamalira, mzungu wachikulire wa Chinyanja chopindika. Anamuyang'ana m'kamwa, anamuyang'ana m'makutu. Kenako anamukhazika pamiyendo ya amayi, n'kumupatsa kabotolo kopanda kanthu kuti aziseweretsa. Anazungulira kumbuyo kwake mwakachetechete, anatenga belu la m'manja loitanira odwala, n'kuliliza pafupi ndi khutu lake. Linalira mpaka anthu a pakhonde anasuzumira pazenera. Mng'ono wanga anapitiriza kupotokola chitsekero cha kabotolo kaja.

"Lilime lili bwino, mayi," anatero asisitere. "Makutu ndiwo anafa. Malungo aja."

"Nanga mankhwala ake?"

"Palibe."

"Jekeseni?"

"Palibe, mayi. Pepani."

"Nanga ngati lilime lili bwino, mawu akuthawiranji?"

"Chifukwa sakuwamvanso, ngakhale ake omwe. Mwana wamng'ono akasiya kumva mawu, amawaiwala. Akapanda kuphunzitsidwa, chaka chamawa sadzakhala ndi liwu ngakhale limodzi."

Amayi anafunsa kuti wophunzitsayo ali kuti. Asisitere anati m'dziko muno mulibe. Anati alipo kum'mwera, kupitirira Halale, ulendo wa masiku angapo pa sitima, ndipo mwana amakakhala komweko zaka zambiri. Amayi anafunsa mtengo wake. Atauzidwa anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo n'kale lonse. Tikanagulitsa mbuzi zonse ndi chimanga chonse cha m'nkhokwe, sitikanalipira ndi theka lomwe la chaka chimodzi.

Tikunyamuka, asisitere anandiyang'ana ine. "Iwe uli Sitandade chiyani?"

Ndinayankha, koma sanamve, mpaka amayi anandiyankhira.

"Chingerezi umawerenga?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anatsegula kabati, n'kufufuza m'mapepala nthawi yaitali. Anati kutsidya kwa nyanja yamchere kuli anthu amene amatumizira makolo a ana ogontha maphunziro pa kalata, kwaulere, kuti aziphunzitsa okha kunyumba. Iwo anali asanayesepo, anangowerenga m'nyuzi ya anamwino. Analemba adiresi kuseri kwa pepala la mankhwala.

"Ine nthawi ndilibe, odwala ndi awa ukuwaonawa. Ulembe wekha. Ndidzaika m'thumba lathu la makalata. Koma n'kutali, mwana wanga. Mwina ayankha, mwina ayi."

Kalatayo ndinailemba katatu. Liwu la Chingerezi la kugontha sindinkalidziwa, ndipo ndinatha masiku anayi ndikuima pafupi ndi tebulo la aphunzitsi nthawi yopuma, n'kumabwerera osafunsa. Tsiku lachisanu anandigwira mkono okha n'kunena kuti, "Iwe, ukundizungulira ngati ntchentche, ukufuna chiyani?" Anandilembera liwulo pa bolodi, anandikonzeranso ziganizo ziwiri. Ndinalemba kuti mng'ono wanga ali ndi zaka zinayi, kuti kale ankalankhula kwambiri, kuti mawu ake akutha, ndi kuti chonde afulumire.

Atsibweni atamva zimene asisitere ananena, anapukusa mutu.

"Asisiterewo anaberekapo? Mwana akumva mtondo uyu. Munaona kuti wogontha akumva mtondo? Lilime ndilo lamangika. Malungo akulu amakoka mitsempha."

Anali atafunsafunsa kale. Ku Nchema kunali mkulu wina wodziwa kudula kamtsempha ka pansi pa lilime. Anthu ankati anadulapo mwana wina wa ku Mikolongwe amene anafika zaka zisanu osalankhula, ndipo tsopano akuyimba kwaya. Malipiro ake inali nkhuku imodzi basi. Atsibweni anati amutumira uthenga kuti abwere tikamaliza kukolola nandolo.

Amayi anavomera. Sikuti sanawakhulupirire asisitere. Koma asisitere anati palibe, pamene atsibweni anati chilipo.

Lachisanu lililonse tikaweruka ndinkadzera ku ofesi ya pa mishoni. Patapita milungu ingapo akalaliki anayamba kupukusa mutu ndili patali, ndisanafike n'komwe pakhomo. Juni anatha. Nandolo anayamba kuuma m'munda, ndipo ndinkadana ndi phokoso lake mphepo ikamawomba.

Za mtondo ndinazizindikira mwangozi. Tsiku lina mwanayo anali ndi chilonda kuphazi, ndiye ndinamubereka. Amayi anayamba kusinja kumbuyo kwathu. Ndinadikira kuti atembenuke monga mwa masiku onse, koma mutu wake unangokhala pamsana panga. Ndinamutsitsa, mapazi ake n'kuponda pansi. Munsi utagunda, anacheuka. Ndinamunyamulanso: zii. Ndinayesa masiku atatu, ndi mtondo, ndi nkhwangwa amayi akuwaza nkhuni, ndipo zinali chimodzimodzi. Mtondo sankaumva ndi makutu. Ankaumva ndi mapazi, nthaka ikagwedezeka.

Ndinalemba zimenezi m'kope, n'kuzitseka mzere kunsi. Koma kulemba n'kosavuta. Maloweruka awiri otsatizana ndinagwada pamaso pa atsibweni nditakonzeka kunena, ndipo kawiri konse chimene chinatuluka chinali moni basi. Amayi ndinawauza, iwo n'kuti, "Kawauze wekha. Ine ndinavomera kale, ndibweza bwanji mawu kwa achimwene?"

Nthawi imeneyo mng'ono wanga anali atatsala ndi mawu asanu ndi limodzi: amayi, madzi, ayi, moto, bwera, ndi "chemwa", mmene ankandiitanira ine. Analinso atasanduka mwana waulemu kwambiri. Munthu wamkulu akangoyandikira, ankagwada n'kuyang'ana pansi. Azimayi a pachitsime ankawayamikira amayi kuti mwano uja watha.

Mkulu wa ku Nchema anafika m'mawa wa Lolemba, dzuwa litangokwera pamwamba pa mitengo ya mango. Anali wamfupi, wa imvi, Chinyanja chake chomveka Chilomwe. Ananyamula kathumba ka chikopa. Atapuma, anatulutsa lumo lokulungidwa m'kansalu, n'kupempha madzi ofunda ndi mchere. Amayi anakhala pamphasa n'kumukhazika mwanayo pamiyendo. Atsibweni anagwada pambali kuti amugwire manja. Iye sankadziwa chilichonse. Anangoweramitsa mutu chifukwa panali mlendo.

Ine ndinaima pafupi ndi nkhokwe. Mkulu uja anayamba kunola lumo pa lamba wake, uku ndi uku.

"Samva mtondo," ndinatero.

Palibe anacheuka. Mwina sizinamveke n'komwe.

"Atsibweni, mtondo saumva ndi makutu!"

Onse anandiyang'ana. Atsibweni anakhala kukamwa yasa, kenako anaseka. "Onani zodabwitsa, akulu. Tisanadule n'komwe, wina wayamba kale kulankhula! Mankhwala anu ndi amphamvu. Ukuti chiyani iwe?"

Kufotokoza sindikanatha. Ndinapita n'kumuchotsa mwanayo pamiyendo ya amayi, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite pamaso pa alendo. Ndinamubereka ndi nsalu, n'kufulatira mtondo. "Amayi, sinjani."

Amayi anayang'ana atsibweni. Mkulu uja ndiye anati, "Sinjani, mayi, tione."

Munsi unagunda katatu. Mwanayo ankaseweretsa khutu langa. Ndinamutsitsa n'kumuimika pansi, chifulatire. Munsi unagunda kamodzi, iye n'kucheuka.

"Chitaninso," anatero mkuluyo.

Tinachitanso. Kenako anaika lumo pamphasa, n'kudzuka yekha. Anapita kumbuyo kwa mwanayo, anawomba m'manja pafupi ndi khutu lake mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika. Palibe chinachitika. Anaponda pansi ndi chidendene, mwana n'kutembenuka, n'kugwada msanga ataona kuti ndi wamkulu. Mkuluyo ananjuta, anamutsegula pakamwa mofatsa, n'kudzutsa lilime ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Akulu," anauza atsibweni, "lilime ili n'lomasuka kuposa langa. Ndikadula apa, ndingodula nyama."

"Koma mwayenda mtunda wonsewu."

"Ndayenda, ndipo ndibwerera. Ine ndimadula chomangika. Nkhuku yanu isungeni, ingondipatsani madzi akumwa."

Ndinkaganiza kuti ndisangalala. Koma mkuluyo atangopotoloka pa mango paja, amayi anakhala pansi pafupi ndi mtondo n'kuyamba kulira mokweza, ngati pamaliro. Miyezi yonse ija ankayembekezera tsiku limenelo, ndipo ine ndinawalanda. Atsibweni anatenga njinga yawo. Sanakalipe. Anangonditchula dzina, n'kunena motsitsa kuti, "Chabwino, adokotala. Mwandichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Mwana ndi uyo. Mumulankhulitse ndi makalata anuwo." Anatha Maloweruka ambiri osabwera.

Makalata anga panalibe. Ndinatsala ndi mwana amene lilime lake ndinalipulumutsa, koma chomuchitira ndinalibe. Sabata imeneyo "bwera" anachoka. Sabata yotsatira "moto". Ndinayesa kumukuwira m'khutu, ndinayesa kumuyimbira nyimbo zimene ankazikonda ndi pakamwa panga pa mutu wake. Ankangondikankha. Ndinapita kutchalitchi ndekha masana, ndinagwada, koma pemphero lake sindinalidziwe. Ndinangotchula mawu otsalawo limodzilimodzi, kuti Mulungu adziwe amene ndikunena.

Kalata inafika kutatentha kale, mitengo itayamba kuphuka. Akalaliki anaima pakhomo la ofesi akuikupiza m'mwamba. "Mtsikana wa Lachisanu! Azungu ako akukumbuka!" Inali envulopu yaikulu, yonenepa, masitampa ake achilendo. Sindinaitsegule panjira. Ndinathamanga nayo itapanikizidwa pachifuwa mpaka inanyowa ndi thukuta.

Munali kalata yaifupi yondiyankha ine, yachifundo, ndi masamba ambiri otaipidwa a phunziro loyamba. Chingerezi chake chinali chovuta kuposa cha m'mabuku athu. Aphunzitsi anandilola kugwiritsa ntchito buku lawo lomasulira mawu nthawi yopuma, ndipo ndinkamasulira ndime imodzi pa tsiku, n'kumalemba m'Chinyanja. Ankafuna zinthu zimene tinalibe: galasi lalikulu, kandulo, zithunzi, zidole. Pa zonse zimene ankafuna, nthenga ya nkhuku yokha ndiyo tinali nayo. Ndinayamba kuganiza kumene ndingabwereke zinazo, mpaka ndinafika pa ndime yachitatu.

Ndime imeneyo inkati zonsezo si zoyamba. Choyamba ndi chakuti mwana aziyang'ana nkhope ya wolankhula. Mwana wogontha amamva ndi maso, poona mmene milomo ikuyendera. Ana ambiri amene anagontha atayamba kale kulankhula amayamba okha kuyang'ana pakamwa pa anthu, ndipo akatero muziwasekerera, muziwayamikira, musalole kuti asiye. Popanda zimenezi, maphunziro ena onse sangathandize.

Ndinawerenga katatu, kuopa kuti mwina ndamasulira molakwa. Sindinalakwitse. Njira anali ataipeza yekha, mwana wa zaka zinayi, tsiku lija anaima pakati pa maondo a atsibweni. Ife tinatha miyezi isanu tikumuchotsa pa njirayo ndi manja athu.

Ndinafika kunyumba, ndinamukhazika pakhonde, ndinagwada patsogolo pake n'kumugwira chibwano kuti adzutse mutu. Anaumitsa khosi. Nditakakamiza, anatsinzina, mapewa atakwera m'mwamba, kudikira mbama. Ndinamusiya. Mawa lake ndinaika nthochi pafupi ndi pakamwa panga. Anatambasula dzanja n'kuitenga, maso ali pa mapazi anga. Ndinadzipaka ufa kumaso, ndinavala lichero kumutu. Ankasuzumira pang'ono chabe, ndikangotsegula pakamwa n'kugwetsa maso. Tinamuphunzitsa bwino kwambiri.

Masabata awiri anatha choncho. "Chemwa" anachoka. Ankandikoka nsalu akandifuna. Kumapeto kwa phunziro lija kunali pepala la mafunso loti nditumize ndisanalandire lachiwiri: mwana akunena mawu angati, akuyang'ana nkhope kapena ayi. Ndinalibisa m'denga. Ndinkaopa kuti ndikalemba zoona adzati mwana ameneyu n'ngosatheka, n'kusiya kutumiza.

Amayi ndinali ndisanawauze za ndime ija. Ankandiona ndikuvutika ndi mwanayo, osafunsa. Ndiye linafika Lamlungu lina. Mwanayo anaponda munga pabwalo. Analira, anathamangira kwa amayi, anawakumbatira miyendo, pakamwa pali potsegula, koma chimene chinkatuluka linali phokoso chabe. Amayi anamuzula mungawo, n'kumupukuta misozi.

"Sanandiitane," anatero.

"Ayi."

"Wasiya liti?"

"Ndinamumva komaliza Lachiwiri lapitalo."

"Watsala ndi angati?"

"Awiri. Madzi, ndi ayi."

Anamuika mwanayo pansi. "Makalata akowo akuti chiyani? Undiuze zonse, usandibisire."

Ndinatsitsa masamba aja ndi kope, n'kuwawerengera ndime yachitatu. Nditamaliza, amayi anayang'ana manja awo.

"Ndiye kuti ndine."

"Tonse, amayi. Ndi ine ndemwe."

"Anthu adzati chiyani, mwana womayang'ana akuluakulu kumaso?"

"Adzati ndi wamwano."

"Nanga akapanda kuyang'ana?"

Yankho lake ankalidziwa.

Anamuitana mwanayo ndi dzanja. Iye anabwera, n'kugwada patsogolo pawo, maso pansi. Amayi anayesa kumugwira chibwano monga ndinkachitira ine, iye n'kutsinzina. Anayesa kuwerama, iye n'kuweramanso kwambiri, mpaka chipumi chinatsala pang'ono kukhudza maondo. Amayi anabwerera m'mbuyo. Ndinaganiza kuti ataya mtima.

Linali dzuwa la masana, nthawi imene azimayi amabwerera kuchitsime, ndipo njira yawo imadutsa pabwalo pathu. Amayi anayang'ana kunjirako, anayang'ana mwana. Kenako anamanganso nsalu yawo ya Lamlungu, n'kugona chagada pafumbi, mutu wawo pafupi ndi maondo a mwanayo, nkhope yawo pamalo enieni pamene maso ake ankagwera.

Mng'ono wanga anadzidzimuka. Anafuna kuthawitsa maso, koma pansi pamene ankathawira masiku onse panali amayi. Anayang'ana kumbali, anayang'ana ine, n'kubwerera pansi pomwepo.

"Amayi," anatero amayi pang'onopang'ono, akudziloza pachifuwa. "A-ma-yi."

Azimayi atatu anaima panjira, mitsuko ili pamutu.

"Kodi mwagwa? Tiitane anthu?"

"Sindinagwe."

"Nanga mwayamba kugwadira ana? Mayo ine, dziko latha! Mwamuna akachedwa ku Halale zimatero?"

"Pitani, madzi akutayika," anatero amayi osatembenuza mutu. "A-ma-yi."

Awiri anapita akuseka. Mmodzi anatula mtsuko n'kutsala akuonerera.

Masamba aja ankanenanso za kugwira pakhosi, kuti mwana azimva mawu ndi zala. Ndinasendera, ndinatenga dzanja la mwanayo mofatsa, n'kuliika pakhosi pa amayi. Atalankhulanso, zala zake zinalumpha ngati wakhudza moto. Anazibwezera yekha. Maso ake anali pa milomo ya amayi, akuluakulu, osaphethira, monga ankayang'anira kale. Milomo yake inayamba kuyenda popanda mawu.

Sindidziwa kuti amayi ananena kangati. Dzuwa linkawawomba kumaso, misozi ya dzuwa ndi inayo n'kumatsikira m'makutu. Nyerere zinkakwera pamkono pawo. Mawu awo anayamba kusasa. Kawiri mwanayo anadzuka n'kupita kukatola kanthu, ndipo kawiri konse amayi anakhalabe chigonere mpaka anabwerera yekha kudzasuzumira.

Kachitatu anagwada, anagwira pakhosi pa amayi ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira pakhosi pake. Zimenezi palibe anamuonetsa.

"Maaa," anatero. Linali lokweza kwambiri, lokhakhala, losafanana ndi mawu ake akale. "Maa-i."

Mayi wa mtsuko uja anagwira pakamwa. Ine ndinafuna kuwadzutsa amayi, chifukwa msana wawo wonse unali fumbi lokhalokha ndipo anthu ena ankabwera panjira.

"Usandidzutse," anatero, maso awo ali pa mwana. "Akadali kuyang'ana. Liwu lotsatira ndi liti?"

Ndinatembenuza masamba. Ndime yotsatira ndinali ndisanaimasulire, ndipo Chingerezi chake chinangondizungulira m'maso.

"Nenani madzi," ndinatero. "Amenewo akadali nawo. Tisawataye."

Amayi ananyambita milomo yawo youma, n'kuyamba.